Maximilian Kolbe Woyera: wophunzira amene ankalota zouluka

Pa 14 Ogasiti chaka chilichonse, tsiku loti mawa lake ndi chaka cha Kutengedwa Kumwamba kwa Amayi Maria, Mpingo umakumbukira Maximilian Maria Kolbe Woyera, wansembe wa chipani cha Afransisko wa ku Poland. Akhristu ambiri amadziwa za imfa yake, kuti adadzipereka kufa m'malo mwa mkaidi mnzake m'ndende ya Auschwitz m'chaka cha 1941. Ndi ochepa amene amadziwa kuti munthu yemweyu, ali pa sukulu, mtima wake udali pa masamu ndi makina, ndipo ankajambula chombo chouluka choti chidzafike kumwezi.

Mbali imeneyi ya moyo wake ikutikhudza kuno kwathu. Ndege ikamadutsa pamwamba pa Naperi, Zingwangwa kapena Ndirande potsikira ku Chileka, ana amasiya phada ndi mpira n'kuyang'ana kumwamba. Mukawafunsa pa maphunziro a Tilitonse chimene afuna kudzakhala, sipalephera kupezeka mmodzi wofuna kudzayendetsa ndege. Ife akuluakulu timangomwetulira, poti tikudziwa mtengo wa fizi ndi kutalika kwa njira. Koma moyo wa Kolbe Woyera ukutionetsa kuti Mulungu sataya loto la mwana. Amalitenga, naliyeretsa, naligwiritsa ntchito mwa njira imene mwanayo ndi makolo ake sadaiganizire.

Ubwana wake

Adabadwa pa 8 Januwale 1894 m'tauni ya Zduńska Wola, ndipo pa ubatizo adamutcha Rajmund. Nthawi imeneyo dziko la Poland silinkaoneka pa mapu, chifukwa maiko a Russia, Germany ndi Austria adaligawana, ndipo kwawo kwa Rajmund kudali pansi pa ulamuliro wa Russia. Bambo ake, a Juliusz, adali mmisiri woomba nsalu. Mayi ake, a Marianna, ankaombanso nsalu, ndipo pambuyo pake adagwira ntchito ya uzamba ndi kuyendetsa kagolosale. Pa ana asanu aamuna amene adabadwa m'banjamo, awiri adamwalira ali aang'ono. Adatsala Franciszek, Rajmund ndi Józef. Pofuna ntchito, banjali lidasamukira ku Pabianice, tauni ya mafakitale a nsalu.

Rajmund adali mwana wosakhazikika, wovutitsa mayi ake. Tsiku lina mayiwo, atatopa naye, adamufunsa modandaula kuti kodi adzakhala munthu wotani. Funsolo lidamulasa mtima, ndipo adapita kukalitula kwa Amayi Maria m'tchalitchi. Malinga ndi zimene mayi ake adasimba iye atamwalira kale, mwanayo adaona Amayi Maria atanyamula zisoti ziwiri, china choyera, chotanthauza moyo wodzisunga, china chofiira, chotanthauza kufera chikhulupiriro, ndipo iye adavomera zonse ziwiri.

Ndalama za sukulu m'banjamo zinkakwanira mwana mmodzi yekha, ndipo makolo adasankha Franciszek poti ndiye wamkulu. Rajmund ankatsala pakhomo kuthandiza m'kagolosale. Tsiku lina mayi ake adamutuma kukagula mankhwala, ndipo iye adatchula dzina la mankhwalawo m'Chilatini mosaphonya, Chilatini chimene adatola kwa wansembe wa pa parishi. Wogulitsa mankhwalayo adadabwa, nadzipereka kumuphunzitsa kufikira atakhoza mayeso olowera sukulu. Akadapanda munthu ameneyu, amene sadali mbale wake, mwina Rajmund akadakalambira m'kagolosale. Makolo athu adanena kale kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Pa seminale yaing'ono

M'chaka cha 1907 ansembe a Afransisko adadzalalika ku Pabianice, ndipo Rajmund ndi mkulu wake adapempha malo pa seminale yaing'ono ya chipanichi mumzinda wa Lwów, umene lero ukutchedwa Lviv ndipo uli m'dziko la Ukraine. Mzindawo udali m'chigawo cholamulidwa ndi Austria, kotero anyamatawo adadutsa malire mobisa. Rajmund adali ndi zaka 13.

Zaka zimenezo ndi zimene anthu adayamba kuuluka. Pa 17 Disembala 1903 abale awiri a ku America, Orville ndi Wilbur Wright, adaulutsa ndege yoyamba ya injini, Rajmund atatsala pang'ono kukwanitsa zaka 10. M'chaka cha 1909 Louis Blériot adauluka kuchoka ku France kukatera ku England, kuwoloka nyanja. Nkhani zimenezi zinkadzaza manyuzipepala a ku Ulaya, ndipo anyamata ambiri ankalota zokhala m'mlengalenga. Rajmund adali mmodzi mwa iwo, koma kulota kwake kudali kwa pensulo ndi kope. Adali katswiri pa masamu ndi sayansi, ankathandiza anzake ovutika pa maphunzirowa, ndipo anzake a m'kalasi adachitira umboni pambuyo pake kuti ankakonda kukamba za makina atsopano ndi za ulendo wa kumwezi.

Loto lina lidali lankhondo. Poona dziko lake lili mu ukapolo, ankafuna kukhala msilikali womenyera ufulu wa Poland. M'chaka cha 1910, nthawi yolowa novisiyati itakwana, iye ndi mkulu wake adagwirizana zokauza akuluakulu kuti akuchoka. Asanatero, mayi awo adafika kudzawaona, nawauza kuti mng'ono wawo Józef nayenso wasankha moyo wa m'chipani, ndipo makolowo aganiza zodzipereka kwathunthu kwa Mulungu. Rajmund adalandira uthengawo ngati yankho la Mulungu. M'malo motsanzika, adakapempha mkanjo wa Fransisko Woyera, ndipo adauvala mu Sepitembala 1910, nalandira dzina latsopano la Maximilian.

Wophunzira ku Roma

M'chaka cha 1912 akuluakulu ake adamusankha kukapitiriza maphunziro ku Roma. Poyamba adachita mantha ndi mayesero a mumzinda waukulu, napempha kuti amuchotse pa mndandanda. Koma mtima sudamupatse mtendere, poona kuti waika kufuna kwake patsogolo pa kumvera, ndipo adabwerera kukauza mkulu wake kuti achite naye monga afunira. Adapita. M'chaka cha 1914 adachita malumbiro ake amuyaya, naonjezera dzina la Maria. M'chaka cha 1915, ali ndi zaka 21, adalandira digiri ya udokotala pa maphunziro a filosofi ku yunivesite ya Gregoriana, ndipo pambuyo pake adalandiranso ina pa maphunziro a zaumulungu.

Ku Roma kuno n'kumene loto louluka lidafika pachimake. Pakati pa maphunziro ndi mapemphero, Maximilian adajambula ndi kuwerengera chombo chimene adachitcha Etereoplano, choti chiuluke kupitirira pomwe mpweya umathera. Ndege wamba imadalira mpweya kuti mapiko ake aigwire, ndipo kumene kulibe mpweya singauluke. Iye adaganiza za chombo chodzikankha chokha ndi mphamvu yotulukira kumbuyo, monga baluni yofufuma imathamangira mukaimasula kukamwa. Umu ndi mmene maroketi amayendera. Olemba mbiri yake amasimba kuti adaonetsa zojambulazo kwa Bambo Giuseppe Gianfranceschi, wansembe wa chipani cha Ajezuwiti amene ankaphunzitsa sayansi ku Gregoriana, yemwe pambuyo pake adadzakhala mkulu woyamba wa wailesi ya Vatican. Chombocho sichidapangidwe. Padapita zaka zoposa 40 kuti Yuri Gagarin azungulire dziko lapansi mu 1961, ndipo anthu adaponda pamwezi mu 1969, Kolbe atamwalira kalekale.

Chodabwitsa n'chakuti akuluakulu ake sadamuletse kujambula, ndipo iyenso sadaone sayansi ngati mdani wa pemphero. Kwa iye malamulo a masamu ndi a chilengedwe adali ntchito ya manja a Mulungu yemweyo amene ankamupembedza pa Misa. M'zaka zomwezo Mpingo udadalitsa ntchito youluka: m'chaka cha 1920 Papa Benedict XV adalengeza Amayi Maria a ku Loreto kukhala nkhoswe ya oyendetsa ndege ndi onse oyenda pa ndege.

Chaka cha 1917 chidasintha zambiri. Maximilian adayamba kulavula magazi, ndipo chidali chiyambi cha chifuwa chachikulu chimene adakhala nacho moyo wake wonse. M'chaka chomwecho adaona zionetsero zonyoza Papa ndi Mpingo m'misewu ya Roma. Adadzifunsa chifukwa chimene adani a Mpingo ali achangu chotero pamene ana ake ali chete. Pa 16 Okutobala 1917, madzulo, iye ndi anzake asanu ndi mmodzi adayambitsa bungwe la Militia Immaculatae, ndiye kuti gulu la asilikali a Amayi Maria opanda banga la tchimo. Zida zawo zidali pemphero, mendulo ya Amayi Maria, ndi njira iliyonse yabwino yofikitsira Uthenga Wabwino kwa anthu. Mnyamata wofuna usilikali uja adapeza nkhondo yake. Adadzozedwa unsembe pa 28 Epulo 1918, ndipo mawa lake adachita Misa yake yoyamba m'tchalitchi cha Sant'Andrea delle Fratte.

Makina potumikira Uthenga Wabwino

Bambo Kolbe adabwerera ku Poland mu 1919, dzikolo litangolandira ufulu. Adayamba kuphunzitsa pa seminale ya ku Kraków, koma matenda adamugoneka miyezi yambiri m'chipatala cha odwala chifuwa ku Zakopane. Munthu wa mapapo otere sakadaloledwa kuyendetsa ndege. Komatu nzeru zija za makina sizidapite pachabe. Mu Januwale 1922 adatulutsa magazini yotchedwa Rycerz Niepokalanej, makope 5,000, alibe ndalama ngakhale makina osindikizira. Posakhalitsa adapeza makina akale opukusa ndi manja, ndipo iye ndi abulazala ochepa ankawapukusa okha mumzinda wa Grodno.

M'chaka cha 1927 mwini malo wina, Jan Drucki-Lubecki, adapereka malo pafupi ndi Warsaw, pamene Bambo Kolbe adamanga Niepokalanów, mudzi wa Amayi Maria. Nyumba zogona zidali zamatabwa, chakudya chidali cha amphawi, koma makina osindikizira adali amakono. Pofika 1939 pamalopo padali ansembe, abulazala ndi ophunzira oposa 700, ndipo idali imodzi mwa nyumba zazikulu koposa za achipani pa dziko lonse. Magazini ija inkasindikizidwa makope mazanamazana a zikwi mwezi uliwonse. Mu 1935 adayamba nyuzipepala ya tsiku ndi tsiku, Mały Dziennik, ndipo mu Disembala 1938 adayesa kuulutsa mawu pa wailesi yawoyawo. Padalinso gulu la abulazala lozimitsa moto, lothandiza midzi yozungulira. Ndipo loto lakale lija lidabweranso: Bambo Kolbe adakonza zomanga bwalo la ndege pamalopo, kuti nyuzipepala zizifika msanga kumadera akutali.

Pakati pa zaka zimenezi adapitanso kukafalitsa Uthenga Wabwino ku Japan. Adafika ku Nagasaki mu Epulo 1930 ndi abulazala ochepa, osadziwa chilankhulo, ndipo patangotha mwezi umodzi adatulutsa magazini ya m'Chijapani, Seibo no Kishi. Nyumba ya chipani adaimanga kuseri kwa phiri, pamalo otsika mtengo amene ambiri adawanyoza. Adabwerera ku Poland mu 1936.

Makina amanyamula chimene munthu waikamo. M'nyuzipepala za ku Niepokalanów mudatulukanso zolemba zina zonyoza Ayuda, monga zidalili m'manyuzipepala ambiri a ku Poland zaka zimenezo, ndipo Mpingo udatsutsa poyera maganizo otere pa Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican mu 1965. Ndegenso zidaonetsa nkhope yake ina. Bwalo lija lisanamangidwe, mu Sepitembala 1939, ndege zimene zidafika pamwamba pa Niepokalanów zidali za nkhondo za Germany, zoponya mabomba. Ndipo pa 9 Ogasiti 1945 ndege ina idaponya bomba la atomiki pa Nagasaki. Nyumba imene Bambo Kolbe adamanga idapulumuka chifukwa cha phiri lija. Luso lopanda chikumbumtima ndi loopsa, ndipo n'chifukwa chake sukulu yokha siikwanira kuumba munthu.

Chisoti chofiira

Asilikali a Germany adamugwira koyamba pa 19 Sepitembala 1939, namumasula pa 8 Disembala. Atabwerera adatsekula zipata za Niepokalanów kwa anthu othawa nkhondo zikwi zingapo, pakati pawo Ayuda ambiri, ndipo abulazala adagawana nawo chakudya chochepa chimene adali nacho. Pa 17 Febuluwale 1941 adamugwiranso, namutsekera m'ndende ya Pawiak ku Warsaw, ndipo pa 28 Meyi adamutumiza ku Auschwitz, kumene adamupatsa nambala 16670. Kumeneko ankasenza mitengo, ankamenyedwa, komabe usiku ankamva kulapa kwa akaidi anzake mobisa ndi kuwalimbitsa mtima.

Kumapeto kwa Julayi mkaidi wina adathawa, ndipo wachiwiri kwa mkulu wa ndendeyo, Karl Fritzsch, adasankha amuna khumi oti afe ndi njala ngati chilango. Mmodzi mwa iwo, msilikali wotchedwa Franciszek Gajowniczek, adalira pokumbukira mkazi wake ndi ana ake. Bambo Kolbe adatuluka pamzere, nadzitchula kuti ndi wansembe wa Katolika, napempha kuti alowe m'malo mwa munthuyo. Adaloledwa. M'chipinda cha pansi pa nyumba nambala 11 adatsogolera anzakewo pa mapemphero ndi nyimbo, uku akufa mmodzimmodzi. Patatha milungu iwiri adatsala anayi, ndipo pa 14 Ogasiti 1941 adawabaya jakisoni wa poizoni. Bambo Kolbe adali ndi zaka 47. Thupi lake lidatenthedwa mawa lake, pa chaka cha Kutengedwa Kumwamba kwa Amayi Maria.

Papa Paul VI adamulengeza Wodala pa 17 Okutobala 1971, ndipo Papa John Paul II adamulengeza Woyera ndi wofera chikhulupiriro pa 10 Okutobala 1982. A Gajowniczek adali pomwepo pa mwambowo, ndipo adakhala ndi moyo kufikira 1995, zaka zoposa 50 kuchokera tsiku lija. Lero Kolbe Woyera amalemekezedwa ngati nkhoswe ya atolankhani, akaidi ndi mabanja. Ntchito yofalitsa Uthenga Wabwino ndi makina imene adaikonda tikuiona kwa abale ake a chipani ku Mission Press ya ku Ndola m'dziko la Zambia, ndipo kuno kwathu mzimu womwewo uli ku Likuni Press, ku Montfort Media ndi Luntha TV ku Balaka, ndi ku Radio Maria Malawi.

Phunziro kwa makolo, akatekisiti ndi ophunzira

Kwa ife makolo ndi akatekisiti, mwana akanena kuti afuna kudzayendetsa ndege, yankho loyenera ndi kumuuza zoona: kuti njirayo imadzera pa masamu, sayansi ndi Chingerezi, imafuna maso ndi thupi labwino, mayeso a MSCE okhoza bwino, ndi kupirira kwa zaka zambiri. Si zosatheka kwa Mmalawi. M'chaka cha 2016 mayi Yolanda Kaunda adakhala mayi woyamba wa dziko lino kufika pa udindo wa kaputeni wa ndege. Ngakhale mwanayo asadzafike m'chipinda cha woyendetsa ndege, masamu amene waphunzira chifukwa cha lotolo adzamupanga mphunzitsi, injiniya, namwino kapena wansembe wodziwa kuganiza. Kumuseka kumazimitsa zonsezi nthawi imodzi. Ndipo m'miphakati yathu tidzifunse kuti ndani akuchita zimene adachita wogulitsa mankhwala wa ku Pabianice. M'mphakati uliwonse muli mwana wanzeru amene watsala pakhomo chifukwa fizi idakwanira mkulu wake yekha, ndipo mulinso mphunzitsi wopuma pa ntchito kapena wophunzira wa ku koleji amene angamupatse maola awiri pa sabata.

Kwa inu ophunzira amene mumachita lendi m'tizipinda ta ku Naperi, Chitawira ndi Zingwangwa, n'kumayenda pansi kupita ku MUBAS kapena ku KUHeS, ndiponso inu a ku yunivesite ya Katolika ndi ku seminale ya Pius XII ku Nguludi, Kolbe Woyera ndi mnzanu amene adadutsa njira yanu. Adadziwa umphawi, kuphunzira kutali ndi kwawo, matenda pakati pa maphunziro, ndi kukayika za maitanidwe ake. Sadasiye kolona chifukwa cha sayansi, ndiponso sadabisale m'mapemphero pothawa mabuku. Bungwe limene lafalikira m'maiko ambiri lidayamba ndi ophunzira asanu ndi awiri m'chipinda chimodzi, opanda ndalama. Zimene mukuzolowera tsopano, kukhulupirika pa mayeso, kugawana ndi mnzanu amene ndalama zamuthera pakati pa mwezi, kudzuka kupita ku Misa Lamulungu pamene palibe kholo lokudzutsani, ndizo zidzatuluke mwa inu pa tsiku la mayesero. Mmera mpoyamba. Munthu amene adatuluka pamzere ku Auschwitz ndi yemwe uja adaphunzira kugonjetsa kufuna kwake ali ndi zaka 16 ku Lwów ndi zaka 18 pa ulendo wa ku Roma.

Pa chaka chake, m'maparishi ndi m'miphakati yathu, tipempherere ana athu ndi maloto awo, ophunzira onse amene akulimbana ndi fizi, ndi onse ogwira ntchito za ndege ku Chileka ndi ku Lilongwe. Maximilian Kolbe Woyera, mutipempherere ife.